NJANJI, MADZI, NDI MAU AKUTI PANG'ONO

Munthu akaima pa dooko la Kachulu, nafunsa asodzi kuti, Kodi nyanja ya Chilwa ilekeza pati? sadzamva yankho limodzi ai. Mnyamata adzaloza pamene pali bwato lake lero. Atate wake adzaloza kumtunda, ku mtengo umene anamangako bwato chaka cha madzi ambiri. Ndipo nkhalamba idzaloza kutali ku chilumba cha Chisi, niidzakumbutsa onse kuti m'chaka cha 1968, ndi m'chaka cha 1995 momwemonso, nyanja inaphwa, anthu nayenda pansi kufikira kuchilumbako. Onse atatuwo anena zoona. Pakuti pakati pa nyanja ndi mtunda pali dambo lalikulu la njedza ndi matope, ndipo munthu woyenda m'menemo sangathe kuponda phazi nanena kuti, Pano ndipo pathera mtunda, apa ndipo payambira nyanja. Ayamba kumva chinyezi ku mapazi, kenaka madzi afika m'akakolo, kenaka m'maondo, ndipo azindikira kuti ali m'nyanja, osadziwa pamene analowera.

Tayamba ndi nyanja, abale, koma nkhani yathu mwezi uno ndi ya njanji, ndi ya funso limene lasautsa osunga njanji m'dziko muno kuyambira masiku a makolo athu, lakuti, Kodi sitima ipite lero, kapena iime? Funso limeneli lifuna yankho limodzi, inde kapena iai. Koma zinthu zimene munthu ayang'ana kuti ayankhe, madzi a pansi pa mlatho, dothi la mtumbira umene njanji igonapo, zitsulo zimene zadyeka, zili ngati gombe la Chilwa, zopanda malire ooneka. Anthu ophunzira a maiko akutali anapeza masamu owerengera zinthu zotere, ndipo tidzawafotokoza. Koma tiyambe taona chimene madzi anachita ndi njanji yathu, pakuti wosadziwa mbiriyo adzayesa masamuwo masewera a anthu okhuta.

Ife a ku Zomba njanji tinaidziwa ndi makutu okha. Mzinda wathu unali likulu la boma kufikira chaka cha 1975, koma sitima siinafikemo ndi tsiku limodzi lomwe. Wofuna kukwera anayenera kupita ku Limbe, ndipo zaka za pambuyo pake ku Liwonde. Komabe nsalu, mchere ndi makasu zimene makolo athu anagula m'masitolo, zambiri zinadza pa njanji, ndipo njanjiyo ikaduka mitengo inakwera kuno komwe.

Ntchito yomanga njanji yoyamba inayambika m'chaka cha 1903. Amisiri a kampani ya Shire Highlands Railway anaganiza zoyambira pa Chiromo, pakuti masiku amenewo sitima za pamadzi zinali kukwera mtsinje wa Shire kuchokera ku Zambezi ndi kufika pomwepo. Iwo anayesa mtsinje chinthu chokhazikika, chonga phiri. Koma Shire atuluka m'nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayo zaka zimenezo inali kutsika. Madzi anachepa, sitima zonyamula zitsulo nizikanika kufika pa Chiromo. Chotero anatsikira kumunsi, namanga njanji kuyambira pa Port Herald, pamene lero titi Nsanje. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, utali wake mailosi 113. Koma mtsinje sunaleke kuthawa. Posachedwa ndi pa Port Herald pomwe sitima za pamadzi sizinathe kufika miyezi yambiri ya chaka, ndipo panafunika njanji yina, yotsata madzi kufikira pa Chindio, m'mbali mwa Zambezi, imene inatha m'chaka cha 1915. Taonani: njanji inali kuthamangitsa mtsinje monga munthu athamangitsa nkhuku.

M'chaka cha 1922 njanji yochokera ku Beira inafika tsidya lina la Zambezi, pa Murraça, ndipo katundu yense ndi anthu onse anaolotsedwa pa madzi pakati pa njanji ziwirizo. Chilimwe madzi anachepa, zombo nizititimira mumchenga. Dzinja madzi anasefukira, madooko namira. Msautso umenewu unatha m'chaka cha 1935, pamene anatsegula mlatho waukulu wa Dona Ana, utali wake woposa makilomita atatu ndi theka. Ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima.

Tsono apa pali chinthu chofunika kuchisamala. Kuyambira cha m'ma 1915 Shire anali ataleka ndithu kutuluka bwino m'nyanja, pakuti mchenga ndi bango zinatseka njira yake, ndipo anthu analima m'malo amene kale munayenda zombo. Mwana wobadwa zaka zimenezo anakula osaona Shire wodzala. Akadafunsidwa akadalumbira kuti mtsinjewo ndi waung'ono. Koma nyanja inali kukwera pang'ono pang'ono kuseri kwa mchengawo, ndipo cha m'ma 1935 madzi anaboola, nabwerera m'njira yao yakale. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Minda ya ku chigwa inamira, madambo nakula, ndipo m'chaka cha 1948 mlatho wa njanji wa pa Chiromo unagwa, mtsinje utadzala, ndi zilumba za udzu zoyandama zitaunjikana pa mizati yake. Mtsinje womwewo umene unasowetsa amisiri madzi poyamba, unawachotsera mlatho patapita zaka makumi anai. Anamanga wina wolimba koposa. Koma m'chaka cha 1997 madzi anasiya mlathowo uli chiimire, nakagumula mtumbira wa njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula, pamalo pamene anthu atchula Mtayamoyo. Kwa zaka zoposa makumi awiri sitima siinadutsepo, ndipo anthu anaoloka pa mabwato.

Njanji ya pafupi ndi ife ndiyo ya chaka cha 1970. Iyambira pa Nkaya, kumwera kwa Balaka, nioloka Shire pa Liwonde, nipita kum'mawa makilomita 101 kufikira pa Nayuchi, m'malire a Mozambique. Chakumapeto kwake iyenda pa mchenga wokwera umene ulekanitsa nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Chiuta, ndipo siteshoni ya tsidya lija Apwitikizi anaitcha Entre Lagos, ndiko kunena kuti pakati pa nyanja. Kuchokera pamenepo ipitirira ku Cuamba ndi ku Nampula kufikira ku dooko la Nacala. Njanji imeneyi inaona zoopsa za mtundu wina, pakuti nkhondo ya ku Mozambique inaitseka kuyambira 1984 kufikira 1989. Ndipo mwezi wa Januwale 2003, madzi anachotsa mlatho wa mtsinje wa Rivirivi, dziko lili m'njala, chimanga cha chithandizo chili kufunika ku Lilongwe. Mlathowo sunabwerere kufikira 2005.

Milatho ya Chiromo ndi Rivirivi ili kutali, koma ife sitifuna munthu wotiuza za mphamvu ya madzi. Napolo wa mwezi wa Disembala 1946 sanapeze njanji ku Zomba, koma milatho ya misewu anaichotsa, ndi anthu omwe. Ndipo wa ku Phalombe m'chaka cha 1991 anapha anthu mazana. Chimene chinatsika m'Likangala ndi m'Mulunguzi usiku umodzi chikhoza kutsika mumtsinje uli wonse umene njanji ioloka.

Tsono talingalirani za mkulu wa pa siteshoni usiku wa mvula. Sitima yaima pakhomo pake, yodzala ndi anthu ndi matumba. Akaitumiza mlatho uli wofooka, aphetsa anthu. Akaiimika mlatho uli wolimba, odwala sadzafika ku chipatala, nsomba ndi tomato zidzaola m'mabogi, ndipo akachita chotero kawiri kawiri akulu ake adzamuyesa wamantha, naikapo wina wosaopa. Adzadziwa bwanji?

Njira ina ndiyo kuwerenga zakale. Kumene kuli mabuku osungidwa bwino a zaka zambiri, munthu akhoza kuona kuti mwa milatho chikwi ya mtundu wakuti, ingati inagwa madzi atafika pakuti, ndipo pamenepo adziwa mwai wa ngozi monga wamalonda adziwa phindu lake. Njira imeneyi ndi yabwino, koma ifuna ngozi zambiri zolembedwa. Ndipo ngozi zazikulu za njanji sizichitika kawiri kawiri, ndiponso mlatho uli wonse uli ndi mtsinje wake ndi dothi lake. Chimene mkulu wa siteshoni ali nacho usiku umenewo si buku ai, koma mau a kapitao amene wayenda pa njanji ndi nyali, nabwera nati, Madzi akwera ndithu, koma sanafike pa zitsulo. Dothi lafewa pang'ono chakumadzulo. M'mau amenewo muli nzeru ya zaka makumi awiri za kuyenda pa njanji imodzimodziyo. Koma mau akuti ndithu ndi akuti pang'ono salowa m'masamu a kusukulu, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ophunzira anawataya kunja, nati si chidziwitso.

Amene anawatsegulira khomo ndiye Lotfi Zadeh, wobadwira ku Baku m'chaka cha 1921, wokulira ku Tehran, mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu ya Berkeley ku America. M'chaka cha 1965 iye analemba kuti masamu akale alola chinthu kukhala m'gulu kapena kunja kwa gulu, basi, monga mbuzi ili m'khola kapena ili pabwalo. Koma magulu ambiri amene anthu atchula tsiku ndi tsiku sali otero. Gulu la anthu atali lilibe khomo. Chotero iye anati tilole chinthu kukhala m'gulu mwa gawo: kotheratu, kapena magawo asanu ndi awiri mwa khumi, kapena gawo limodzi lokha. Nzeru imeneyi pa Chingerezi itchedwa fuzzy logic. Ife tingaitche masamu a pakati, pakuti ntchito yake ili pa dambo lija la pakati pa inde ndi iai.

Pano pasakhale chisokonezo, pakuti kusadziwa kuli mitundu iwiri. Munthu akafunsa kuti, Kodi mvula igwa mawa? sadziwa chifukwa mawa sanafike. Mawa likafika adzadziwa. Koma mkazi akaima m'munda mwezi wa Malichi, chimanga chili m'manja mwake, nafunsa kuti, Kodi chakhwima? palibe chobisika kwa iye. Aona njere, aziboola ndi chikhadabo. Chosowa ndi malire a mau akuti kukhwima. Kuwerenga mwai kuthandiza pa funso loyambalo. Masamu a Zadeh athandiza pa lachiwirilo. Ndipo kapitao wa njanji asenza mafunso onse awiri pamodzi.

Ophunzira ambiri a ku America ndi ku Ulaya anaseka nzeruyi poyamba, nati ndi ulesi wovala malaya a masamu. Koma ku London kunali mphunzitsi wina, Ebrahim Mamdani, wobadwira ku Tanganyika m'chaka cha 1942, amene pamodzi ndi wophunzira wake Sedrak Assilian anaiyesa pa kainjini kakang'ono ka nthunzi. Iwo analemba malamulo m'mau onga amene mmisiri auza mwana wa ntchito, akuti nthunzi ikachepa pang'ono onjeza moto pang'ono, ikachepa kwambiri onjeza kwambiri. Nawapatsa kompyuta, ndipo kainjiniko kanayenda bwino. Anafalitsa zimenezi cha m'ma 1975. A ku Japan sanaseke ai. M'chaka cha 1987 mzinda wa Sendai unatsegula njanji ya pansi pa nthaka, imene sitima zake zinali kuonjeza liwiro ndi kugwira mabuleki motsata malamulo otere, opangidwa ndi kampani ya Hitachi potengera machitidwe a oyendetsa sitima ozolowera.

Koma kuyendetsa sitima ndi kwina, kuyesa kuopsa ndi kwina. Ndipo kuti tione m'mene masamuwa agwirira ntchito yachiwiriyi, tiyerekeze mlatho wina waung'ono wa pakati pa Liwonde ndi Nayuchi. Manambala amene tidzatchula ndi ophunzitsira chabe, monga mphunzitsi alemba pa bolodi.

Tinene kuti pa mzati wa mlathowo analembapo mzere pa mamita awiri, ndipo lamulo lakale liti madzi akafika pa mzere sitima iime, akapanda kufika ipite. Lamulo lotere ndi losavuta kusunga, koma liyesa madzi otsala chala chimodzi kufika pa mzere ofanana ndi madzi a m'chilimwe, ndipo za dothi silifunsa konse. Tsono amisiri ndi akapitao akhala pansi pamodzi nyengo ya mvula isanafike, napangana tanthauzo la mau ao. Ati madzi a mita imodzi ndi apakati kotheratu. A mamita awiri ndi okwera kotheratu. A pakati pa miyeso iwiriyo ali m'magulu onse awiri. Usiku wa mvula kapitao apeza madzi pa masentimita 170. Pamenepo madziwo ndi okwera magawo 7 mwa khumi, ndi apakati magawo 3. Dothi la mtumbira alibe choyesera koma ndodo yake ndi phazi lake, ndipo mau ake akuti lafewa ndithu koma silinagumuke anapangana kale kuti ndiwo magawo 6 a kufewa, ndi magawo 4 a kulimba.

Analembanso malamulo anai. Madzi akakhala okwera ndipo dothi lofewa, kuopsa ndi kwakukulu. Madzi okwera ndipo dothi lolimba, kuopsa ndi kwapakati. Madzi apakati ndipo dothi lofewa, kwapakatinso. Madzi apakati ndipo dothi lolimba, kwakung'ono. Chodabwitsa ndi ichi, kuti usiku umenewo malamulo onse anai alankhula nthawi imodzi, koma lina mokweza, lina motsitsa. Mphamvu ya lamulo lili lonse ndiyo nambala yochepa mwa ziwirizo, monga mkazi amene ali ndi ufa wa anthu 7 ndi ndiwo za anthu 6 adyetsa anthu 6 okha. Chotero lamulo loyamba lili ndi mphamvu 6, lachiwiri 4, lachitatu 3, lachinai 3. Awiri apakatiwo anena chinthu chimodzi, ndipo titenga lokweza mau, ndilo 4. Tatsala ndi mboni zitatu: kwakukulu 6, kwapakati 4, kwakung'ono 3.

Potsiriza mboni zitatuzo ziyenera kubala nambala imodzi. Tiike kuopsa kwakukulu pa 9, kwapakati pa 5, kwakung'ono pa 1, ndipo tiyese chili chonse ndi mphamvu ya mboni yake: 6 kuchulukitsa ndi 9 ndi 54, 4 ndi 5 ndi 20, 3 ndi 1 ndi 3. Zonse pamodzi 77. Tigawe ndi 13, ndiyo mphamvu ya mboni zonse, ndipo tipeza pafupifupi 6. Tsono ngati anapangana kale kuti pansi pa 3 sitima ipite monga mwa masiku onse, pakati pa 3 ndi 7 iyende pang'ono pang'ono munthu ali patsogolo ndi nyali, ndipo pamwamba pa 7 iime, mkulu wa siteshoni adziwa chochita. Koma mvula ikapitirira, madzi nafika pa masentimita 190, dothi nilifewa magawo 8, wowerenga amene ali ndi pensulo adzapeza kuti yankho lifika pa 7 ndi theka, ndipo sitima iima. Zindikirani kuti madzi sanafikebe pa mzere uja. Lamulo lakale likadaitumiza ndi liwiro lake lonse.

Umo ndimo achitira, ngakhale amisiri enieni ali ndi malamulo ambiri koposa, ndipo kuwerengako aisiyira kompyuta. Ophunzira a pa sukulu yaikulu ya Birmingham ku England, Min An ndi anzake, anakonza njira yotere yoyesera zoopsa za njanji, ndipo m'chaka cha 2007 anafalitsa m'mene anaiyesera pa ntchito yosuntha mabogi pa malo osungira sitima a Waterloo ku London. Iwo anafunsa mafunso atatu pa choopsa chili chonse: Kodi chichitika kawiri kawiri motani? Chikachitika, chionongeko chake chikhoza kukula motani? Ndipo nkotheka motani kuti chionongekocho chitsatedi? Mayankho anachokera ku mabuku pamene mabuku analipo, ndi ku pakamwa pa antchito pamene mabuku panalibe. Phindu lake lalikulu si la usiku wa mvula wokha ai, koma la nthawi yogawa ndalama: pakakhala milatho makumi asanu yofuna kukonza, ndalama zili za isanu yokha, mkulu adziwa woyambira, ndipo akhoza kuonetsa chifukwa chake poyera, kuti asanenedwe kuti anakondera kwao.

Funso lachiwiri lija, la kukula kwa chionongeko, ndilo limene anthu aiwala msanga, pakuti tsoka silinunkha. Pa 25 Meyi 2002, pa Tenga, kufupi ndi Maputo, sitima yonyamula anthu ndi simenti pamodzi inavutika pa chitunda. Antchito ake analekanitsa mabogi, nasiya a anthu pamalo otsetsereka atatsekera mawilo ndi miyala, natsika ndi a simenti ku siteshoni. Miyala inalephera, mabogi a anthu natsetsereka, nakagunda a simenti aja. Ndipo anafa anthu 192. Munthu akadafunsidwa m'mawa umenewo ngati miyala igwira, kapena akadati, Igwira ndithu. Ndipo kapena masiku ambiri ikadagwiradi. Koma mau akuti kawiri kawiri igwira, akaikidwa pamodzi ndi mau akuti ikalephera afa anthu mazana, yankho la masamu ali onse oona liyenera kukhala lakuti, Musatero.

Tsono tisakometse nzeruyi koposa muyeso wake. Manambala aja 6 ndi 7 sanagwe kumwamba. Anatuluka m'kamwa mwa munthu. Kapitao akaopa kukalipiridwa chifukwa choimika sitima, adzanena pang'ono pamene mtima wake uti kwambiri, ndipo kompyuta idzalandira bodzalo, niidzalibweza litavala nambala. Pamenepo choipa chikula, pakuti munthu akhoza kutsutsa mau a mnzake, koma nambala yotuluka m'makina ambiri aiopa ngati mfumu. Ndiponso amene asankha malire, kuti 7 ndiye poimika sitima osati 6, sachita masamu ai. Aweruza mlandu wa pakati pa ndalama ndi miyoyo, ndipo ife tiyesa kuti mlandu wotere suyenera kuweruzidwa ndi mwini katundu yekha.

Chofooka china ndi chachikulu koposa, ndipo mbiri yathu yachionetsa kale. Malamulo alembedwa ndi anthu potengera zimene anaona. Akadasonkhanitsa akapitao onse a pa Chiromo m'chaka cha 1925, nawafunsa tanthauzo la madzi okwera, akadaloza pa mzati malo amene Shire wa 1948 anawapitirira kutali. Ndipo masamu akadawerenga bwino lomwe, nasokera bwino lomwe. Momwemonso namondwe wa Freddy, mwezi wa Malichi 2023, anagwetsa mvula pa mapiri a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre yoposa imene ambiri amoyo anaionapo, napha anthu oposa chikwi m'dziko muno. Masamu a pakati athandiza pamene mau ali osalongosoka. Sathandiza pamene chikumbukiro chili chachifupi.

Ndipo katundu wa pa njanji ya Nayuchi analemera koposa m'zaka zapitazi. Kuyambira 2012 kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya Moatize, m'chigawo cha Tete, yolowa m'Malawi chakumadzulo ndi kulumikiza pa Nkaya, niikonzanso yakale ija ya ku Nayuchi; ndipo njira yonseyo, makilomita 912 kufikira ku nyanja yamchere, inatsegulidwa mwa mwambo m'chaka cha 2017. Sitima ya malasha ikoka mabogi oposa zana, ndipo sitima yotere, woyendetsa angakhale aone choopsa ndi maso ake, siingaime pafupi. Iyenera kuuzidwa isanafike. Chotero mau a munthu woyenda pansi akula mtengo, sanachepe ai.

Kwa ife a m'mbali mwa Chilwa nkhaniyi ili ndi mbali yake. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani zithira m'menemo, ndipo chotulutsa ndi dzuwa lokha. Chifukwa chake ikwera ndi kutsika koposa nyanja zina, ndipo iphwa ndi kudzalanso m'moyo wa munthu mmodzi. Inachepa kwambiri m'chaka cha 2018, ndipo zaka zisanu zitapita madzi a Freddy analowa m'minda ya mpunga. Madambo a kumpoto kwake afika kufupi ndi mchenga uja umene njanji iyendapo. Zaka zimene madzi anafika pakuti ndi pakuti zalembedwa pang'ono m'mabuku a boma. Koma zambiri zili m'mitu ya asodzi okalamba a ku Kachulu, ku Mposa ndi ku Namanja, amene akhoza kukutengani ku mtengo wakuti, nakuonetsani ndi dzanja pamene madzi analekeza chaka chimene anabadwa mwana wao woyamba, ndi pamene atate ao anawauza kuti analekeza kale iwo asanabadwe. Umboni wotere ulibe masentimita. Uli ndi mau akuti m'chiuno, m'chifuwa, kupitirira pang'ono nthambi yoyamba. Masamu akale sakadaulandira. Masamu a Zadeh akhoza kuulandira, ngati wolemba malamulo a milatho ya pakati pa Liwonde ndi Nayuchi atsika pa galimoto yake, nakhala pa mphasa, nafunsa nkhalambazo zikali ndi moyo.